KAMPANI YA WCW: INAGWA BWANJI ITAFIKA PAMWAMBA?

Pa 26 March, 2001, ku Panama City Beach m'chigawo cha Florida ku America, kampani ya masewera ogwetsana yotchedwa World Championship Wrestling, imene anthu ankaitchula mwachidule kuti WCW, inaonetsa masewera ake otsiriza pa wailesi ya kanema. Masiku atatu m'mbuyo mwake, dzina la kampaniyo pamodzi ndi nkhokwe yake yonse ya zithunzi za masewera akale zinali zitagulitsidwa kwa mdani wake wamkulu, Bambo Vince McMahon wa kampani ya WWF, pa mtengo wa madola pafupifupi 4 miliyoni. Mtengo umenewu unali wochepa koposa, pakuti zaka zitatu zokha m'mbuyomo kampani yomweyi ndiyo inali patsogolo pa onse ochita malonda amenewa, ndipo inkatha kusonkhanitsa anthu 40,000 m'bwalo limodzi usiku umodzi.

Owerenga athu ambiri amene amakonda kuonera masewerawa pa kanema amadziwa WWE yokha, imene ndi WWF yomwe ija itasintha dzina m'chaka cha 2002. Komatu inalipo nthawi imene WWF inkadya fumbi la WCW sabata ndi sabata. Nanga chinalakwika n'chiyani? Ziphona zinalipo, ndalama zinalipo, ndipo wailesi zimene masewerawo ankaonekerapo zinali za eni ake a kampani omwewo. Ife tikuona kuti chimene chinasowa ndi munthu mmodzi wodziwika kwa onse, amene mau ake akanakhala otsiriza pa nkhani ya amene apambane ndi amene agonje. Tiyeni tiione nkhaniyi kuchokera pa chiyambi.

MALONDA AKE NDI LONJEZO

Choyamba tiyenera kumvetsa malonda amenewa. Masewera ogwetsana a mtundu uwu sali ngati mpira kapena nkhonya, pakuti wopambana amasankhidwa anthu asanalowe m'bwalo. WWF inavomera zimenezi poyera m'chaka cha 1989 pamaso pa aphungu a chigawo cha New Jersey, pofuna kuti malamulo oyendetsera nkhonya aleke kuikhudza. Kugwa kwake n'koona, ululu wake ngwoona, ndipo ambiri amathyoka msana ndi khosi. Koma mathero amalembedwa m'ofesi. Munthu amapambana akakanikiza mapewa a mnzake pansi kufikira woweruza atawerenga katatu, ndipo amene wasankhidwa kukhala katswiri wa onse amavekedwa lamba.

Tsono ngati wopambana amadziwika kale, anthu amalipira chiyani? Amalipira mathero a nkhani. Kampani imaonetsa munthu woipa akuzunza anzake kwa miyezi yambiri, ndipo imalonjeza kuti tsiku lina adzalandira mphotho yake. Pulogalamu ya sabata ndi sabata, imene anthu ankaonera osalipira padera, inali nyambo chabe. Ndalama zenizeni zinkachokera ku masewera akulu a kamodzi pa mwezi, amene banja liri lonse lofuna kuonera linkalipira mtengo wake, ndiponso ku matikiti a pakhomo. Wokonza nkhanizi ali ngati agogo okamba nthano madzulo: akamasokoneza nkhani yao, kapena akamaitha mwachinyengo, ana amaleka kuvomera kuti “tiri tonse” ndipo amayamba kuchoka mmodzimmodzi. Motero funso lalikulu m'kampani yotere ndi lakuti, kodi cholembera chiri m'manja mwa yani?

MWINI WAKUTALI, AKAPITAO OSINTHASINTHA

WCW inabadwa mu November, 1988, pamene Bambo Ted Turner, mwini wa wailesi za TBS, TNT ndi CNN ku Atlanta, anagula kampani ya banja la Crockett ya ku Charlotte, imene inali itamira m'ngongole. Bambo Turner ankakonda masewerawa chifukwa ndiwo anathandiza wailesi yake kupeza oonerera pamene inali yaing'ono. Koma iye anali ndi nchito zambiri zazikulu, ndipo WCW inali kakhonde kakang'ono ka nyumba yaikulu. Anaisiya m'manja mwa akapitao olembedwa, ena mwa iwo osadziwa konse malondawo.

Woyamba anali Bambo Jim Herd, amene kale anayendetsapo wailesi ya kanema ku St. Louis ndi kugwirapo nchito ya uyang'aniro ku kampani yogulitsa chakudya ya Pizza Hut. Iyeyu ndiye analola kuti anthu awiri azilowa m'bwalo atavala mabelu, akutchedwa Ding Dongs, poganiza kuti ana adzasangalala, oonerera anangowakuwiza. Choipa koposa, anakangana ndi Ric Flair, katswiri wamkulu wa kampaniyo, pa nkhani ya malipiro, namchotsa nchito mu July, 1991. Flair anapita ku WWF atanyamula lamba wake yemwe. Patapita masabata awiri, pa masewera akulu a ku Baltimore, anthu anakhala akufuula usiku wonse kuti akufuna Flair, pamene ena anali kulimbana m'bwalo.

Herd anachoka mu January, 1992. Kip Frey anakhalapo miyezi yowerengeka. Pambuyo pake panabwera Bill Watts, munthu wodziwa masewerawa koma wa machitidwe akale, amene analetsa kulumpha kuchokera pa chingwe chapamwamba ndi kuchotsa matiresi oteteza anthu pogwera kunja kwa bwalo. Nayenso anachoka mu February, 1993. Kapitao ali yense ankayamba ndi kugwetsa zimene mnzake anamanga, ndipo kampani inkangotaya ndalama chaka ndi chaka.

BISCHOFF AKWEZA KAMPANI

Amene anasintha zinthu ndi Bambo Eric Bischoff, mnyamata amene analowa m'kampaniyo ngati muulutsi wamba ndi kupatsidwa udindo m'chaka cha 1993. Iye anaona kuti chida chachikulu cha WCW chinali thumba la Turner ndi wailesi zake. M'chaka cha 1994 analemba nchito Hulk Hogan, munthu wotchuka koposa onse m'masewerawa, amene anali msanamira ya WWF kwa zaka zambiri. Randy Savage naye anatsatira. Kenaka pa 4 September, 1995, anatsegula pulogalamu ya Monday Nitro pa wailesi ya TNT, usiku wa Lolemba, nthawi yomwe WWF inkaonetsa pulogalamu yake ya Raw. Nitro inkaulutsidwa nthawi yomweyo masewera akuchitika, pamene Raw kawirikawiri inkakhala yojambula kale, ndipo Bischoff sankachita manyazi kuululira anthu zotsatira za mdani wakeyo kuti asavutike n'kutembenuza wailesi.

Nzeru yake yaikulu inadza m'chaka cha 1996. Pa 27 May Scott Hall, amene anali atangochoka ku WWF, anatulukira pakati pa oonerera ngati mlendo wosaitanidwa wodzaputa nkhondo. Kevin Nash anamtsatira patapita masabata awiri, ndipo awiriwo analonjeza kuti ali ndi mnzao wachitatu. Pa 7 July ku Daytona Beach wachitatuyo anaonekera: anali Hogan, amene kwa zaka zoposa khumi ankalangiza ana kuti azipemphera ndi kuchita zabwino. Anthu anapsa mtima naponya zinyalala m'bwalo, ndipo gulu la oipa lotchedwa nWo linabadwa. Kuyambira June, 1996, mpaka April, 1998, Nitro inaposa Raw pa chiwerengero cha oonerera kwa masabata 83 otsatizana. Bischoff anabweretsanso anyamata opepuka thupi ndi aliwiro, ena ochokera ku Mexico ndi ena ophunzira luso lao ku Japan, monga Rey Mysterio, Eddie Guerrero, Dean Malenko ndi Chris Jericho, amene ankatsegula masewera ndi luso losaonekaoneka ku America.

Komatu chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kuti akope ziphona zimenezi, Bischoff anazipatsa mapangano a malipiro otsimikizika: anthu abwere kapena asabwere, munthu alimbikire kapena achite ulesi, ndalama zake zinali zomwezo. Ndipo m'pangano la Hogan munali mau ompatsa mphamvu yokana nkhani iri yonse yokhudza iye imene sanaikonde. Apa ndiye kuti kampani inagulitsa chidutswa cha cholembera chake kwa mmodzi wa osewera. Pamene zinthu zinali kuyenda bwino palibe anadandaula. Vuto linaoneka itakwana nthawi yakuti woipa alandire chilango chimene anthu analonjezedwa.

MALONJEZO ATATU OSWEKA

Lonjezo loyamba linali la Sting. Kwa nthawi yoposa chaka chathunthu munthu ameneyu, amene anali wokondedwa wa WCW kuyambira kale, sanalimbane ndi wina ali yense ndipo sanalankhule. Ankangoonekera kudenga kwa nyumba ya masewera atadzola zoyera ndi zakuda kumaso, akuyang'ana gulu la Hogan. Kuleza mtima kotere kunabala zipatso, pakuti masewera a Starrcade a pa 28 December, 1997, ku Washington, anagulidwa ndi mabanja ambiri kuposa ena onse m'mbiri ya kampaniyo. Mathero oyenera anali odziwika ngakhale kwa mwana: Sting agonjetse Hogan poyera. M'malo mwake anakonza zakuti woweruza awerenge mofulumira mokondera Hogan, kuti Bret Hart adzadandaule ndi kuyambitsanso nkhondoyo. Koma woweruzayo, Nick Patrick, anawerenga mwa nthawi zonse, kotero kuti anthu anaona Hogan akupambana mwachilungamo, ndipo kupambana kwa Sting pambuyo pake kunaoneka ngati kuba. Lamba analandidwa n'kuikidwa padera, ndipo pofika pa 20 April, 1998, anali atabwerera m'chiuno mwa Hogan. Sabata imodzi m'mbuyo mwake, pa 13 April, Raw inali itaposa Nitro kwa nthawi yoyamba m'zaka pafupifupi ziwiri.

Lonjezo lachiwiri linali la Bill Goldberg, amene kale ankasewera mpira wa ku America m'timu ya Atlanta Falcons. Uyu anali chiphona chimene WCW inadziumbira yokha. Ankagwetsa adani ake m'mphindi zochepa, ndipo kampani inkalengeza chiwerengero cha kupambana kwake sabata iri yonse mpaka chinafika 173. Nkhondo yake ndi Hogan ikanagulitsidwa kwa miyezi ndi kubweretsa chuma chambiri. Koma pofuna kuposa Raw usiku umodzi, oyendetsa anailengeza kutangotsala masiku anayi ndi kuionetsa ulere pa Nitro ya pa 6 July, 1998, ku Georgia Dome. Anthu oposa 40,000 anakondwera kuona Goldberg akuvala lamba, Nitro inapambana usiku umenewo, koma mbeu inali itaphikidwa. M'miyezi yotsatira masewera akulu anaperekedwa kwa alendo otchuka m'zinthu zina: Dennis Rodman ndi Karl Malone a basketball mu July, ndi Jay Leno woseketsa anthu pa kanema mu August, onse pambali pa Hogan kapena molimbana naye, katswiri mwini lamba ali m'munsi. Pa 25 October ku Las Vegas masewera anapitirira nthawi imene anapangana ndi a wailesi, kotero kuti mabanja ambiri amene analipira anadulidwa chithunzi nkhondo ya Goldberg ndi Diamond Dallas Page itangoyamba. Kampani inabweza ndalama ndi kuonetsa nkhondoyo ulere mawa lake. Tsiku limenelo, 26 October, 1998, ndilo lomaliza limene Nitro inaposa Raw.

Lonjezo lachitatu ndilo linapweteka koposa. Pa 27 December, 1998, Nash anagonjetsa Goldberg mothandizidwa ndi Hall, amene anamkhudza ndi ndodo yamagetsi. Anthu analonjezedwa kuti awiriwo adzakumananso pa 4 January, 1999, ndipo pafupifupi 40,000 anadzazanso Georgia Dome. Koma m'nkhani ya usikuwo Goldberg anatengedwa ndi apolisi, Hogan nalowa m'malo mwake. Hogan anangogunda Nash ndi chala pachifuwa, Nash nadzigwetsa chagada, ndipo lamba anabwereranso kwa Hogan onse akuseka. Usiku womwewo muulutsi Tony Schiavone analamulidwa kuulula monyoza kuti ku Raw Mick Foley avekedwa lamba wa WWF. Owerengera anapeza kuti nyumba pafupifupi 600,000 zinatembenukira ku Raw nthawi yomweyo kuti zikaone zimenezo. Foley anali munthu amene WCW inamlola kuchoka m'chaka cha 1994.

Tiwonjezepo chinthu china chimene sichinachokere kwa okonza nkhani. Akuluakulu a wailesi, poona kuti masewerawa akukoka anthu, anafuna pulogalamu yachiwiri. Mu January, 1998, anatsegula Thunder pa TBS usiku wa Lachinayi, ndipo Nitro inatalikitsidwa kufika maola atatu. Anthu omwewo anayenera tsopano kudzaza maola asanu a usiku sabata iri yonse. Gulu la nWo, limene linaopsa pamene linali la anthu atatu, linatupa mpaka kugawanika pawiri. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

M'MENE McMAHON ANACHITIRA

Ku WWF zinthu zinali zosiyana pa mfundo imodzi. Bambo McMahon anagula kampaniyo kwa bambo wake m'chaka cha 1982, ndalama zotayika zinali zake, ndipo mau otsiriza anali ake. Atalandidwa akatswiri ake akale anakakamizika kuumba atsopano, ndipo ena mwa iwo anawatola pa dzala la WCW. Steve Austin anachotsedwa nchito ndi WCW m'chaka cha 1995 ali wovulala. M'zaka zitatu anasanduka munthu wokoka ndalama kuposa onse. Amene anadzatchedwa The Undertaker anachoka ku WCW mu 1990, ndipo amene anadzatchedwa Triple H anachokako kuchiyambi kwa 1995. Pamene McMahon anaona kuti sangathe kulipira pangano la Bret Hart anamlola kupita ku WCW. Ndipo pamene anthu anamuda chifukwa chochotsera Hart lamba mwachinyengo chenicheni ku Montreal pa 9 November, 1997, iye anasandutsa chidanicho malonda, nadziika m'nkhani ngati bwana wankhanza amene Austin ankalimbana naye. Munthu ali yense wolembedwa nchito anaimva nkhani imeneyo.

Sitikunena kuti ulamuliro wa munthu mmodzi ulibe zoopsa zake. Pa 23 May, 1999, ku Kansas City, Owen Hart, mng'ono wake wa Bret, anagwa kuchokera kudenga nafa, pamene ankamtsitsa ndi chingwe kuti alowe m'bwalo moseketsa monga nkhani inalembedwera; ndipo masewera anapitirira usiku womwewo. WWF inalipira banja lake madola 18 miliyoni m'chaka cha 2000. McMahon mwini anatula pansi udindo mu January, 2024, atasumiridwa milandu yoopsa ndi mai wina amene anali wanchito wake, milandu imene iye anaikana. Zimenezi zikutiphunzitsa kuti wokhala ndi mau otsiriza afunika omletsa. Koma pa nkhondo ya usiku wa Lolemba, anchito a WWF ankadziwa chitseko chimene ayenera kugogoda, pamene a WCW sankadziwa ngati wolamula ndi Bischoff, Hogan, Nash kapena akuluakulu a wailesi. Atambala awiri salira m'khola limodzi. Kuno analipo oposa awiri.

CHAKA CHA CHIPWIRIKITI

Anyamata aluso aja ataona kuti malo apamwamba atsekedwa ndi achikulire a mapangano onona, anayamba kuthawa. The Giant, amene anadzatchedwa Big Show, anapita ku WWF mu February, 1999, ndipo Jericho anatsatira mu August. Mwezi womwewo wa February Rey Mysterio anavulidwa chigoba chake cha kumaso, chimene kwa osewera otsata mwambo wa ku Mexico ndi ulemu wao wonse. WWE inamvekanso chigobacho m'chaka cha 2002 ndipo ana a m'maiko ambiri anachigula. Mu January, 2000, Guerrero, Malenko, Perry Saturn ndi Chris Benoit anachoka onse pamodzi, Benoit atangovekedwa lamba dzulo lake. Jericho, Guerrero ndi Mysterio onse anadzakhala akatswiri akulu ku kampani inayo.

Pa 10 September, 1999, Bischoff anachotsedwa pa udindo, ndipo m'malo mwake munalowa Bill Busch, munthu wa za ndalama. Mu October analemba nchito Vince Russo ndi Ed Ferrara, alembi a nkhani ochokera ku WWF, poganiza kuti iwowa ndiwo anali mwini nzeru kumeneko. Anaiwala kuti ku WWF zolemba zao zinkadutsa kaye m'manja mwa McMahon, amene ankasankha zabwino ndi kutaya zina. Ku WCW kunalibe wopeta. Russo ankakhulupirira kuti anthu ayenera kudzidzimutsidwa mphindi iri yonse, motero abwenzi ankaukirana popanda chifukwa ndipo nkhani zinkasiyidwa pakati. Mu January, 2000, anamchotsa naikapo Kevin Sullivan. Pambuyo pake anachotsa Sullivan, nabweza Russo pamodzi ndi Bischoff, amene pa 10 April analanda malamba onse ndi kulengeza kuti zonse ziyambirenso. Pa miyezi isanu ndi iwiri cholembera chinali chitadutsa m'manja osiyanasiyana kanayi.

Lamba wamkulu, amene ndiye chuma chenicheni cha kampani yotere, anasintha mwini nthawi zoposa 15 m'chaka cha 2000 chokha. Kumapeto kwa April anaperekedwa kwa David Arquette, wochita mafilimu wosadziwa kulimbana, pofuna kutsatsa filimu ya Ready to Rumble. Arquette mwini sanafune, ndipo ndalama zimene analandira anazipereka kwa mabanja a osewera amene anafa kapena kulumala. Pa 9 July mkangano wa cholembera unatulukira poyera: Jeff Jarrett anangogona pansi kuti Hogan apambane, Hogan nachoka, ndipo Russo analowa m'bwalo kudzamnyoza pamaso pa anthu chifukwa cha mphamvu za m'pangano lake. Hogan anakasuma ku khoti ndipo sanabwererenso. Pa 25 September Russo anadzilembera yekha lamba uja. Chaka chimenecho kampani inataya madola pafupifupi 60 miliyoni.

KODI ANAIPHA NDANI?

Alipo ena amene amati okonza nkhani sindiwo anapha WCW, koma eni ake atsopano. Mau ao ali ndi maziko. Kampani ya Turner inalumikizana ndi Time Warner m'chaka cha 1996, ndipo Time Warner inalumikizananso ndi kampani ya intaneti ya AOL mu January, 2001. Pa kulumikizana kuli konse mphamvu za Bambo Turner zinkachepa, kufikira analibenso mau oti n'kutchinjiriza masewera ake okondedwa. Bischoff anapeza anthu a ndalama a kampani ya Fusient Media Ventures, ndipo mu January, 2001, kunalengezedwa kuti iwo agula WCW. Koma mu March Bambo Jamie Kellner, amene anali atangoikidwa kukhala mkulu wa wailesi za Turner, analamula kuti masewera ogwetsana asaonekenso pa TNT ndi TBS. Popanda wailesi kampaniyo inalibe msika, a Fusient anabwerera m'mbuyo, ndipo McMahon anatola zotsala pa mtengo wa nkhuku. Onena zimenezi amawonjeza kuti ngakhale pa masiku otsiriza Nitro inali ndi oonerera mamiliyoni.

Zonsezi n'zoona, koma sizichotsa mlandu pa oyendetsa. Kellner anadula mtengo umene unali utafumbwa kale. M'chaka cha 1998, pamene WCW inkabweretsa phindu lalikulu, akuluakulu a wailesi amene sankaikonda anangokhala chete, mwinanso kupempha maola ena. Munthu sapha ng'ombe imene ikumpatsa mkaka, ngakhale aziida maonekedwe. Kampani yotaya madola 60 miliyoni pa chaka, yokhala ndi milandu ku khoti ndi mapangano olemera a anthu okhala kunyumba, inalibe woilankhulira pa bwalo la eni atsopano. Ndipo ndalamazo zinatayika chifukwa mabanja analeka kugula masewera a mwezi ndi mwezi, pakuti anali ataphunzira kuti lonjezo la WCW silifika.

Amene anamva ululu weniweni sanali ziphona zija. Ambiri mwa otchuka anali ndi mapangano amene Time Warner inapitiriza kulipira, ndipo anakhala kwao akudya ndalama. WWF inatenga osewera oposa 20 pang'ono. Otsala, pamodzi ndi oweruza, ojambula, omanga bwalo, alembi a m'ofesi ndi anyamata ophunzira pa sukulu ya kampaniyo ya Power Plant, anayenera kukafuna pena pogwira. Kampani ina yaing'ono ya ECW inagwanso m'miyezi yomweyo, motero ku America kunatsala bwana mmodzi yekha wamkulu wolemba nchito, ndipo wosewera wokana malipiro ake analibe kwina koloza. Wailesi ya TNT inakhala zaka 18 yopanda masewerawa, mpaka October, 2019, pamene kampani ya AEW ya Bambo Tony Khan inayamba kuonetsapo pulogalamu yake ya Dynamite.

Owerenga athu amene amayendetsa gulu la zisudzo, gulu la oimba kapena timu ya mpira angatolepo kanthu pamenepa. Wosewera wotchuka alipidwe bwino ndi kulemekezedwa, koma asapatsidwe mphamvu yosankha yekha tsiku limene adzapatse mnzake mpata. Achinyamata aone kuti makwerero alipo, pakuti akapanda kuwaona adzakakwera kwa mdani. Ndipo wogula akalonjezedwa chinthu apatsidwe chomwecho, pa tsiku lomwelo.

Nkhondo yotsiriza pa Nitro yotsiriza inali ya Sting ndi Ric Flair, anthu awiri omwe analimbananso pa Nitro yoyamba m'chaka cha 1995. Atatha anakumbatirana pakati pa bwalo. Zithunzi za usiku umenewo, ndi za masabata 83 aja, zinapita m'nkhokwe ya McMahon, ndipo kuyambira m'chaka cha 2014 WWE inayamba kuzionetsa pa intaneti kwa anthu olipira mwezi ndi mwezi. Munda umene WCW inalima, wokolola anakhala wina.